Mlendo akabwera, mwana agona kuti?

Lamba wa chikwama cha kusukulu cha mwana wanga wamkazi anaduka teremu isanathe n'komwe, ndiye Loweruka lina tinapita nacho kwa bambo wina wosoka nsapato pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Njira yonse ine ndinkangodandaula za katundu wa masiku ano, woti ugula lero mawa wang'ambika. Bambowo atachilandira anachiyesa kulemera m'manja n'kuseka. "Mayi, mwanayu kusukulu amapita ndi njerwa kodi? Takhuthula mwanawe, ndisoke bwino."

Mwanayo anazengereza. Kenako anayamba kutulutsa chimodzichimodzi n'kumaika pa katoni. Makope, buku la masamu, rula. Izo n'zodziwika. Kenako mswachi. Sopo wokulunga m'pepala. Kabotolo ka mafuta odzola, tochi, diresi lake la kutchalitchi lopindidwa bwinobwino m'jumbo, kachitini kosungiramo ndalama zake zachitsulo, timakalata tomwe amalemberana ndi anzake. Chomaliza anachitulutsa mothamanga n'kuchikankhira pansi pa makope kuti bambowo asaone, koma ine ndinaona kuti zinali zovala zamkati.

Pamenepo sindinanene kanthu. Tikubwerera, titapitirira pomwe pamaima akabaza, ndi pamene ndinamufunsa.

"Zonse zija umapita nazo kusukulu tsiku lililonse?"

"Eya."

"Bwanji osazisiya kuchipinda kwako?"

"Amama, ndikamaweruka sindidziwa ngati ndikapezemo munthu. Mukakhala munthu ndimachita manyazi kugogoda."

Sanalankhule modandaula ayi. Anangoyankha, n'kundipempha kuti ndimugulire filizesi. Ali ndi zaka 11, ali Sitandade 7, ndipo chipinda chimene tonse pakhomo timati n'chake, mwiniyo anali atasamukamo kalekale, katundu n'kumayenda naye kumsana. Chichokereni pamenepo ine ndi bambo ake tili pa mkangano wa mmene tingachikonzere. Ntchito yeniyeni sinayambe, tikadali pa mapulani.

## Nyumba ya pa boma

Amene mumakhala pa boma mukudziwa kale. Yathu ili ndi zipinda zogona ziwiri, balaza ndi kakhitchini, koma abale a mbali zonse ziwiri amaidziwa kuti ndi pofikira. Wodwala akamutumiza kuchipatala chachikulu kuchokera ku Khombedza kapena ku Chipoka, womudikirira amadzasamba ndi kuphika kwathu, masiku ena n'kugona. Wochokera ku Nkhotakota kupita ku Lilongwe kukamudera amatsika pano, akuti adzalawire mawa. Ndiye pali a m'tauni. Tsiku la Anakubala likayandikira, pa 15 Okutobala, kapena Khirisimasi, a ku Area 25 ndi ku Kawale amakumbukira mwadzidzidzi kuti ku Salima ali ndi m'bale. Ndi makilomita 100 okha, Senga Bay ili pamphuno, malo ogona kunyanjako adzaza kapena akwera mtengo, ndipo foni imalira iwo ali kale pa Chezi akugula tomato.

Alendo ndimawakonda, ichi chimveke. Ena amabwera ndi mpunga wa ku Lifuwu, ena ufa wa kondowole, ena nkhuku yomanga miyendo. Ine ndemwe sukulu ndinaimaliza chifukwa anthu ena anandiyalira m'nyumba zawo. Khomo losamveka odi sindilifuna.

Kungoti mlendo akafika, wolipira amakhala mmodzi. Ine ndi bambo timagona pabedi pathu monga mwa masiku onse, kamnyamata kathu ka zaka 4 kali pambali. Wonyamula pilo ndi mkeka kupita pabalaza ndi mtsikanayu. Amadikira akuluakulu amalize kucheza, TV izime, kuti ayale. Homuweki amalembera pabondo. M'mawa amaima pakhonde kudikira kuti mlendo atsokomole, ndiye chizindikiro choti wadzuka, iye alowe atenge yunifomu.

Apongozi anga ndikawatchulira zimenezi amati, "Mlendo ndi mame, mwananga, sachedwa kukamuka." Mawuwo ndi oona, koma mame ena kuno amafika mwezi. Azakhali ake a mwanayu atabwera kudzadikirira wodwala, chimanga chomwe anachisiya chikumera anakachipeza chili m'mawondo.

## Kumudzi kunali kuka ndi mphala

Apongoziwo sanama akamati iwo anakula akupatsa alendo malo. Koma kumudzi mlendo sankagwera munthu mmodzi. Pabwalo limodzi pankakhala nyumba zingapo. Mnyamata akabwera ankapita kumphala kukagona ndi anyamata anzake, mtsikana kapena mayi ankalowa kukuka kwa agogo kapena kugowelo kwa atsikana. Mwana akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo, inde, koma komwe ankapitako malo ake ankadziwika: mphasa yake, pakona pake, chingwe chake chopachikapo nsalu. Mlendo ankangowonjezereka pamzere, wina aliyense osachotsedwa.

Ife a pa boma mwambo wolandira alendo tinabwera nawo wonse, koma kuka, mphala ndi gowelo tinazipanikiza m'kachipinda kamodzi ka mamita 3 mulifupi, 3 ndi theka mulitali. Ndiye ine poganiza zokonza, za makoma a pinki ndi zidole pa shelefu zomwe timaona pa Facebook sizinali m'mutu mwanga. Ndinkafuna chipinda choti mlendo akalowamo aziwonjezereka ngati kumudzi kuja, mwini wake akhalebe pamalo pake.

Bambo ake yankho lawo linali lalifupi: timange boyizikota kuseri. Maganizo abwino, ndipo tsiku lina tidzamanga. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti ndi malata aliyense akuudziwa. Mwanayu angalembe mayeso a Sitandade 8, n'kusankhidwa, n'kupita ku sekondale yogonera komweko, khoma la boyizikota lisanafike pa zenera.

## Dabulodeka ya bambo ake

Atagonja pa boyizikota anabwera ndi dabulodeka. Iwo anagonapo ali ku sekondale, ndipo ukamaimva imakoma: anthu awiri pa malo a bedi limodzi, pansi n'kutsala poyenda. Mwanayo naye anaombera m'manja, paja mwana aliyense amafuna kugona pamwamba.

Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikukana. Sukulu imene anaphunzira bambo ake ili ku Dedza, kumapiri, komwe mu Juni umafunda mabulangete awiri n'kumanjenjemerabe. Kuno tili kunsi, m'mphepete mwa nyanja, pa mamita ngati 500 pamene Lilongwe ali pa 1,000 ndi kupitirira. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 30 tsiku ndi tsiku, ndipo chipindacho chilibe siling'i. Masana onse malata amalavula moto, mpweya wotenthawo n'kutsakamira m'mwamba mpaka usiku. Ndinawauza akwere pampando chakumadzulo, akweze dzanja pafupi ndi denga, andiuze ngati angagoneke mwana wawo pamenepo. Anatsika osayankha.

Neti nayo pa dabulodeka ndi mavuto okhaokha. Wapamwamba imamugwera kumaso, wapansi amachita kuimangirira ku matabwa a mnzake, makwerero n'kumaikola mpaka kung'ambika. Mwana akatsika usiku kukataya madzi amafukula zonse, ndipo pobwera ndi tulo sabwezeretsa. Osaiwalanso kamnyamata kaja. Akatswiri a za ana amaletsa mwana wosakwana zaka 6 kugona pamwamba, koma wathuyu si munthu wodikira chilolezo, ndipo pansi pake ndi simenti.

Chomwe ine ndinakonda ndi bedi lokoka, lija lokhala ndi linzake la timateyala kunsi, lomwe umalitulutsa usiku m'mawa n'kulibweza. Ndinali nditalivomereza kale mumtima. Akalipentala ndi amene analipha ndi funso limodzi.

"Nanga akabwera amayi aakulu, wogona pansipo ndani?"

Tinangoyang'anana. Apongozi sangagone m'munsi mdzukulu ali pamwamba pawo, ndipo ngakhale atalola, mawondo awo sangawadzutse pamenepo. Ndiye kuti mwana atsikira pansi, bedi lake n'kupereka. Tabwerera pomwe tinayambira, ndalama zitapita.

## Choko pa simenti

Akalipentalawo ndi bambo wachikulire wa shedi ya pansi pa mtengo wa mango, wosakonda za mapepala. Anabwera ndi tepi ndi choko, n'kulamula kuti titulutse zonse. Tinatulutsa bedi la dabulo lomwe linali lathu tisanagule lina, wadilopu yoguluka chitseko, masutikesi, makina osokera omwe anafa kalekale, ndi matumba awiri a chimanga omwe analowamo pokolola akuti angokhala kaye. Mwanayo ataona chipinda chili pululu anati, "Kani n'chachikulu chonchi?"

Theka la katundu uja sanali wa mwana, sanalinso wa mlendo. Anali wa nyumba, wosowa kolowera. Chimanga makamaka sichibwereramo. N'chothira mankhwala a anankafumbwe, chimaitana makoswe, ndipo mwana samayenera kupuma fumbi lake usiku wonse. Tachipezera pakona kukhitchini, pamwamba pa matabwa.

Bedi la dabulo limadya masentimita 137 mulifupi. La munthu mmodzi ndi 90 mulifupi, 190 mulitali. Akalipentala anajambula awiri a munthu mmodzi pansi ndi choko, lina kutsata khoma lalitali, lina kutsata lalifupi, kukumana pakona kupanga L. Pa khoma la mamita 3 lija, 90 kuphatikiza 190 ndi 280, zikukwana n'kutsala pang'ono. Pa khoma lalitali pakutsala masentimita 160, okwanira katebulo kowerengerapo ndi kabati yopyapyala yoimirira. Pakati ponse pali mbee, moti mayi akabwera ndi ana ake awiri tiyala mkeka popanda kusuntha chilichonse.

Ine ndinawonjezera kuti pakonapo pazikumana miyendo, mitu italikirane. Alendo athu ambiri amakhala akuchokera kodwazika matenda, ena ndi chifuwa chawo, ena ndi mkonono woti umamveka kubalaza.

Bedi la mlendo likakhala lopanda mlendo likhala pokhalira, mapilo atatsamira khoma, mwana ndi anzake n'kumawerengera pamenepo. Kunsi kwake kukhala madirowa awiri a za alendo zokhazokha: nsalu zoyala, chofunda, thaulo, sopo, neti. Mpaka pano mlendo akabwera dzanja langa limathamangira ku zofunda za mwana chifukwa ndi zomwe zili pafupi. Pakati pa mabediwo tidutsitsa waya wa katani, zitenje ziwiri zolumikiza, zopepuka, zosafika kudenga kuti mpweya uzidutsa. Masana ikhala yokokera kukhoma. Ntchito yake ndi ya m'mawa, aliyense avale popanda kuuza mnzake kuti tatembenuka.

Pa matabwa tinacheza nthawi yaitali. Ine ndinkafuna mlombwa chifukwa chiswe sichiulimba mtima. Akalipentala anaseka. Mlombwa ndi mbawa masiku ano n'zosowa, ukazipeza mtengo wake ndi woti ukhale pansi, ndipo sudziwa kuti zadulidwa kuti. Paini wa ku Chikangawa naye sali ngati kale, nkhalango ija inadyeka kwambiri, komanso ndi wofewa. Anatilangiza malaina, bola akhale ouma. "Thabwa laliwisi limanamiza, mayi. Lero bedi lili bwinobwino, pofika chilimwe lapindika, likulira munthu akangotembenuka."

Bambo ake anatchulapo za owotcherera zitsulo, ndipo apa anali ndi mfundo. Nyumba yolandira anthu oyenda singalumbire kuti nsikidzi sizidzafika. Si kuti alendo ndi auve ayi, tizilomboti timakwera m'chikwama cha aliyense, m'basi, pogona paliponse. Tikafika timabisala m'ming'alu ndi molumikizira matabwa. Bedi lachitsulo umangolitulutsa panja n'kulithira madzi owira. Koma ndi chinyezi cha kunyanja kuno limachita dzimbiri msanga. Tinagwirizana za matabwa omanga ndi mabauti m'malo mwa misomali, oti tikhoza kumasula n'kuyanika padzuwa, ming'alu yonse yotseka ndi kupaka vanishi. Matiresi a mlendo tiwavala pulasitiki mkati mwa nsalu, paja ena amabwera ndi makanda.

## Udzudzu ndi mphepo

Kuno nkhani iliyonse ya pogona imakathera pa udzudzu. Boma likamagawa maneti limawerengera anthu a pakhomo, neti imodzi kwa anthu awiri. Mlendo sawerengedwa. Ndiye chimachitika n'chakuti mlendo amalandira chipinda pamodzi ndi neti yomwe ili kale mmenemo, mwana pabalaza n'kumamangirira yakale yobooka ku mipando ndi ku chitsulo cha zenera. Pakati pa usiku, nthawi yeniyeni yomwe udzudzu wa malungo umaluma, netiyo yagwa, iye wadzikulunga nayo.

Tikugula maneti awiri owonjezera, ina ya bedi la mlendo, ina ya pabalaza, ndipo malo onse atatu akhala ndi zokolekapo zinayi zokhomeratu, zosachita kufunafuna chingwe usiku. Kwa amene simunagulepo yatsopano: muziiyanika pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo, apo ayi mudzuka nkhope ikuyabwa. Pochapanso ndi pamthunzi pomwepo, dzuwa limapha mankhwala.

Koma neti m'chipinda chopanda mpweya sikhalitsa pabedi. Alendo a ku Dedza ndi ku Ntchisi amagona nayo ola limodzi, kenako amati ikuwabanika, n'kuikankhira kumbali. Sindiwadzudzula. Chipindacho chili ndi zenera limodzi, loyang'ana kumadzulo, lolandira dzuwa lonse la masana, ndipo mphepo silowa m'chipinda chomwe ilibe potulukira. Tiboola kazenera kena m'mwamba pa khoma la kum'mwera. Mu Juni ndi Julaye mwera ukalusa tizikatseka. Mazenera onse awiri ndi timabowo ta mpweya tikhoma gozi waya, ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi malata titseka, chifukwa udzudzu wambiri umalowera pamenepo ife tili kalikiliki ndi chitseko.

Siling'i ndikuifuna koma thumba likukana. Wina anandiuza zokhoma mphasa za bango kunsi kwa malata. Zimaziziritsadi, ndinaziona kwa mnzanga ku Senga Bay, koma ndinaonanso zomwe mileme ndi makoswe amachita pamwamba pake. Ine maso anga ali pa penti woyera wopaka pamwamba pa malata, yemwe amabweza dzuwa lisanalowe. Bambo ake akuti anthu atiseka. Aseke, iwo sagonamo. Kumadzulo kwa zenerako tabzala kale nimu, patali ndi maziko, ngakhale mthunzi wake adzaudyerera ndi kamnyamataka.

Ziwiri zing'onozing'ono zomwe zimayambitsa mkangano usiku: kuwala ndi soketi. Agogo amagona nkhuku zikangolowa, mwana ali ndi homuweki. Ndiye patebulo pakhala nyale ya sola yoweramira pa buku, yomwenso ithandiza magetsi akathima. Soketi tiwonjezera ina kumutu kwa mlendo, chifukwa mlendo wa masiku ano asanafunse madzi akumwa amafunsa potchajira foni.

## Mlendo akakhala wachimuna

Iyi tinaikamba chitseko chili chotseka. Mabedi awiri aja ndi a mwana ndi mlendo wamkazi basi. Mwamuna aliyense, kaya msuweni, kaya amalume, kaya mkulu wa mpingo, agona pabalaza, mtsikana n'kukhala m'chipinda mwake, chitseko chili ndi kachitsulo kotsekera mkati.

M'nyumba zambiri zimayenda motembenuza. Mlendo wachimuna amapatsidwa chipinda chifukwa cha ulemu, mtsikana n'kugona pabalaza, popanda chitseko, panjira ya aliyense wotuluka panja usiku. Sindikuloza chala m'bale wanga aliyense. Koma tonse timamva nkhani za kukhoti pa wailesi, ndipo wochitira mwana zoipa nthawi zambiri sachokera kutchire, amakhala munthu yemwe mwanayo amamupatsa moni atagwada. Lamulo likakhala la amuna onse, palibe amene anganene kuti akumuganizira iyeyo.

Povuta panali pa amalume ake. Mwini mbumba si munthu womuyalira pabalaza mwachisawawa. Bambo ake anasamba m'manja msanga: "Alamu anga ndikawauze ndine? Ayi mayi, ameneyo ndi mlongo wanu." Ndinaimba foni mtima uli m'mwamba, n'kufotokoza mozungulira. Achimwene anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chemwali, inenso ndili ndi ana aakazi. Bola pakhale neti ndi matiresi oti msana usapweteke."

Matiresiwo tigula okhuthala ndithu, a mainchesi 6, osati kaja kopyapyala koti umamva simenti. Munthu ukamuchotsera chipinda uzimupatsa pogona poti asaone ngati wanyozedwa.

Nanga akabwera munthu wamkulu zedi, monga bambo awo a amuna anga? Pamenepo tipereka chipinda chathu. Ine ndi kamnyamata tikagona pa bedi la mlendo kwa mtsikana, bambo pabalaza. Nditanena izi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti wosamuka tsopano ndine?"

"Eya bambo. Inu simulemba mayeso chaka chamawa."

## Zomwe mwini chipinda anapempha

Titamufunsa mwanayo ndinkayembekeza kumva za mitundu ya penti. Iye anayamba ndi loko. Akufuna malo amodzi otseka ndi kiyi. Kenako galasi, chipeso chake chisamagwiridwe ndi wina, ndiponso kuti mlendo akamabwera tizimuuza.

Chomalizachi n'chaulere koma ndi chomwe sitingalonjeze, poti ifenso alendowo satiuza. Tinapangana kuti mlendo akafika iye ali kusukulu, bedi lake, tebulo lake ndi kabati yake sizikhudzidwa. Chikwama cha mlendo chili ndi shelefu yake kumiyendo kwa bedi lake, zovala zake zili ndi misomali yake kuseri kwa chitseko.

Za loko bambo ake sizinawakomere. Akuti mwana wa zaka 11 abisa chiyani, ndipo alendo akaona loko aganiza kuti tikuwayesa akuba. Ndinawakumbutsa kuti mwanayu watsala pang'ono kutha msinkhu, ndipo pali zinthu zomwe namwali safuna kuti azakhali, ngakhale omukonda chotani, azipeze pofufuza mafuta odzola. Tinamvana kuti likhale dirowa la kunsi kwa bedi lake, lofanana ndi enawo, loko wake wobisika m'thabwa. Kiyi mmodzi wake, wina ndisunga ine, ndipo sinditsegula iye palibe.

Penti anabwera pamapeto. Akufuna buluu wowala, ine ndikufuna woyera chifukwa chipinda chimawala ndipo udzudzu ukatera pakhoma umaoneka. Makoma atatu ndi anga, la kumutu kwake ndi lake. Pomwe sindinagonje ndi pa mtundu wa pentiyo: wamadzi, osati wamafuta. Penti wina wamafuta amakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana, ndipo fungo lake ndi kutentha kwa kuno limatenga masabata.

## Foni ya apongozi

Ndalama sizibwera pamodzi, ndiye ntchito iyenda pang'onopang'ono. Gozi waya, maneti ndi kachitsulo ka chitseko ndi za malipiro a mwezi uno. Bedi la dabulo lija tigulitsa, tiphatikize ndi zomwe ndidzalandire ku banki mkhonde pogawana mu Disembala, ndiye za akalipentala. Kazenera tiboola mvula ikatha.

Nkhani siichedwa kuyenda. Apongozi anamva kudzera kwa azakhali kuti ku Salima kwakhazikitsidwa malamulo, ndiye anaimba. Ine ndinakonzekera mlandu. Titapatsana moni, n'kufunsana za ana ndi za kumunda, anafika pa nkhani.

"Ndamva mukupangitsa bedi la alendo."

"Eya amayi."

"Muwauze apange lalitali. Lija lakale podzuka ndimachita kugwira khoma. Ndipo pakhale poika kachidebe, usiku sindingamapite panja ndi maso angawa."

Zinali zomwezo. Anangowonjezera kuti mu Juni kukazizira mdzukulu wawo azigona nawo bedi limodzi monga kale, katani kapena ayi. Ndinati zimenezo akambirane okha awiri.

Akalipentala anali atayeza kuti bedilo pamodzi ndi matiresi lifike masentimita 40 kuchokera pansi. Tsopano likhala 50, kuti munthu wachikulire akakhala mapazi afike pansi, podzuka asavutike. Akuti miyendo aitalikitsa, palibe vuto, koma madirowa akuya adya thabwa lina, ndiye za mtengo tikakambirananso Loweruka.